Mankhwala a BP asowa miyezi itatu: akubedwa, kapena boma lilibe ndalama?

Mayi wina wa ku Mulanje wafunsa kuti: "Amayi anga ali ndi BP. Mwezi uno ndi wachitatu akupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu n'kubwerako ndi kabuku kokha, atawalembera kuti akagule mankhwala kufamase. Mlamu wanga atavutika pobereka anatiuza kuti ambulansi ilibe mafuta, tinachita kusonkherana. Koma aneba anga amene amamwa ma ARV sanabwerepo chimanjamanja, ndipo pamsika mankhwala ali mbwee. Kodi mankhwala athu akubedwa, kapena boma lilibe ndalama? Ena akuti bola tizingolipira."

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene banja lanu ladutsamo. Ndagwira ntchito yoyendetsa zipatala za boma kwa zaka zambiri, nthawi yaitali ndili m'maofesi a zaumoyo a m'maboma, ndipo mawu oti "mukagule" ndawamva akunenedwa kwa agogo amene ndinkadziwa bwino kuti pampango pawo panalibe ndi ya kabaza yomwe. Zonse ziwiri mwatchulazi zilipo: kuba kulipo, ndalama n'zochepadi. Koma pali chachitatu chimene sichimveka kwambiri pawailesi, chomwe ine ndimachiona kuti chimatidyera zambiri. Munthu amene amaona vuto ndi maso ake alibe ndalama m'manja ngakhale mphamvu yosainira, ndipo amene ali ndi siginecha amakhala kutali ndi wodwala. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'zipatala zathu wamva m'mimba ali ku Mulanje, kiyi wa chitseko ali ku Lilongwe.

Tiyeni titsatire piritsi limodzi la amayi anu, tione kumene limasochera. Mwezi ukamatha, amene amasunga mankhwala pachipatala chanu amawerenga zotsala, n'kulemba lipoti la zimene zagwiritsidwa ntchito ndi zimene zikufunika. Lipotilo limapita kufamase ya chipatala chachikulu cha pa boma, kumene amalilowetsa mu kompyuta ndi kutumiza oda ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe ya mankhwala a dziko lonse. Ndalama zolipirira odayo sizikhala ku Mulanje ayi. Gawo lalikulu la bajeti ya mankhwala ya khonsolo limasungidwa ku National Local Government Finance Committee, yomwe imalipira nkhokweyo mwachindunji. Khonsolo imangogwira kagawo kakang'ono kogulira kwina zikavuta. Tsono nkhokwe ikayankha kuti mankhwalawo ilibe, papepala boma la Mulanje limaoneka kuti ndalama za mankhwala lili nazo, koma a DHO, mkulu wa zaumoyo pa boma, sangazitape n'kukagula ku Limbe tsiku lomwelo. Ndalama zilipo, mankhwala palibe, ndipo aliyense panjira yonseyi watsata lamulo bwinobwino.

Nanga nkhokweyo imasoweranji mankhwala? Mankhwala ambiri amene timamwa m'dziko muno amachokera kunja, ochuluka ku India, ndipo amagulidwa ndi madola. Kuyambira tsiku loitanitsa mpaka tsiku limene katoni itsitsidwa pa thiraki pamapita miyezi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Bajeti yolembedwa m'makwacha inatsala yomweyo pamene mapiritsi amene ingagule anachepa. Kuwonjezera apo pali unyolo wa ngongole: boma limachedwa kulipira nkhokwe, nkhokwe imachedwa kulipira makampani, makampani amaleka kubweretsa katundu kapena amakweza mtengo podziwa kuti adzadikira. Ngongole imeneyi pomaliza amaibweza ndi amayi anu, pakauntala ya famase.

Kuchepa kwa ndalama sindikukuchepetsa. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri takhala pansi pa mlingo umenewo. Ndalama zoposa theka za zonse zimene zimagwira ntchito pa zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Kwanuko kulinso china. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, ndipo kagawidwe ka ndalama kamayang'ana kwambiri ziwerengero ngati zimenezi. Koma amene amakhala cha ku Muloza ndi Limbuli akudziwa kuti pamzere wa chipatala pamaimanso abale athu ochokera ku Milange, ku Mozambique. Ndi abale enieni, chilankhulo chimodzi, maukwati amodzi, ndipo namwino sangabweze mwana wotentha thupi chifukwa cha malire. Kungoti mankhwala owerengedwera anthu khumi akamwedwa ndi anthu khumi ndi atatu, amatha mwezi usanathe.

Mwaona bwino kuti aneba anu sabwera chimanjamanja, ndipo apa ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ndi pamene pali phunziro. Ma ARV, LA wa malungo ndi zoyezera malungo sizidalira kathumba kamene kamagula mankhwala a BP. Zimagulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund ndi za boma la America, m'madola, ndipo kwa zaka zambiri zakhala zikuyenda panjira yakeyake yogawira. Anthu ambiri amaimira pomwepo n'kunena kuti basi, n'chifukwa cha ndalama za azungu. Ndalamazo zinathandizadi. Koma chimene chinapangitsa kuti ma ARV asamasowesowe ndi kuwerenga. Miyezi itatu iliyonse gulu la akuluakulu a pulogalamu ya HIV limafika pachipatala chilichonse chopereka mankhwalawa, kutsegula kaundula, kuwerenga odwala mmodzimmodzi, kulowa mosungira ndi kuwerenga mabotolo. Chiwerengero cha anthu ndi cha mabotolo ziyenera kugwirizana. Pakachuluka pena, amasamutsira pamene pachepa. Wakuba amavutika pamalo pamene botolo lililonse lili ndi mwini wake wodziwika. Odwala BP, shuga, mphumu ndi khunyu sanawerengedwe mwa njira imeneyo. Ambiri sadziwika n'komwe kuti akudwala, ndipo oda ya mwezi wamawa imalembedwa potengera zimene zinaperekedwa mwezi watha. Mwezi watha kukakhala kunalibe mankhwala, lipoti limaonetsa ngati anthu sanawafune, oda imatsika, kusowa kumabala kusowa kwina.

Ndipo mbali ina ya nkhani ya ma ARV inachitikira pafupi ndi kwanu pomwepo. Ku Thyolo bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ndi boma mu 1997, ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003, dziko lonse lisanayambe pulogalamu yaulere mu 2004. Madokotala anali owerengeka pa zala. Akanati adikire kuti wodwala aliyense aonedwe ndi dokotala pa boma, anthu a ku Thekerani ndi Makwasa akanatha. Anachita chinthu chimene ambiri panthawiyo ankachiopa: anatsitsa ntchito. Anamwino ndi madokotala aang'ono anayamba kuyambitsa anthu mankhwala m'zipatala zazing'ono, alangizi a zaumoyo ndi aphungu a m'mudzi anatenga ntchito yoyeza magazi ndi kulangiza, kenaka, patapita zaka, kunabwera timagulu ta m'mudzi tomwe munthu mmodzi amakatengera anzake mankhwala mosinthana. Pofika 2007 Thyolo inali itafikira anthu ambiri ofunika mankhwalawa. Kusintha kumeneku sikunali kwa nyumba zatsopano kapena maudindo atsopano ku Capital Hill. Anangomukhulupirira munthu amene ali pafupi ndi wodwala, n'kumamuyendera pafupipafupi kuti aone ngati akuchita bwino.

Kudalira thumba la eni ake kulinso ndi ululu wake, tinauona mu January 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja. Antchito ambiri olipidwa ndi mapulojekiti anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Choncho aneba anu nawonso sali pamtendere wokhazikika.

Za kuba ndinene mosabisa. Mankhwala amabedwa: ena panjira, ena mosungira, ena pawindo popereka, pomulembera wodwala mapiritsi 30 n'kumupatsa 15. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo unachita kukhazikitsa gulu lofufuza za kuba mankhwala, ndipo lamulo la 2019 lomwe linabweretsa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority linakhwimitsa zilango zomwe kale zinali zochepa kwambiri. Ena mwa mankhwala amene mumawaona pamsika, pambali pa tomato, padzuwa, anachokeradi m'zipatala za boma. Koma si onse. Ena ndi olowa mozemba malire, ena ndi otha mphamvu, ena ndi achinyengo. Ndikupempheni ndi mtima wonse, amayi anu musawagulire kumeneko, ngakhale atchipe bwanji. Ndipo musamuyang'ane namwino aliyense ngati wakuba. Ndawadziwa ambiri amene amabereketsa amayi usiku ndi tochi ya foni, atagula magolovesi ndi ndalama ya m'thumba mwawo.

Za ambulansi zimayenda chonchi. Mafuta, chakudya cha odwala, magetsi, madzi ndi kukonzetsa galimoto zonse zimatuluka m'thumba limodzi lomwe ogwira ntchito m'boma amalitcha ORT. Limabwera mwezi ndi mwezi kuchokera ku Treasury, nthawi zina mochedwa, nthawi zina loperewera. Likachedwa, ofesi imatenga mafuta pangongole mpaka mwini filing'i siteshoni atatopa. Chipatala chaching'ono ngati chanucho kwa zaka zonsezi chakhala chopanda bajeti yakeyake, chopanda ndi akaunti ya kubanki yomwe. Babu likapsa, loko akathyoka, mpope ukadontha, wamkulu wa pachipatalapo amalemba kalata kupita ku boma n'kudikira.

Ndikumbukira chipatala china chaching'ono m'boma lina limene ndinagwirako. Pampu yokokera madzi m'thanki inawonongeka, kachitsulo kamodzi, mtengo wake wosafika ndi wa mbuzi. Mmisiri anali pamsika pomwepo. Koma ndondomeko inafuna kalata, makotesheni atatu, komiti yogula zinthu ikhale pansi, kenaka ndalama za mwezi umenewo zifike. Komiti inalephera kukumana kawiri chifukwa mamembala ake anali ku maphunziro kunyanja. Miyezi inadutsa magadiyani akutunga madzi kumjigo ndi zidebe kuti amayi oyembekezera asambe. Tsiku limene tinapita kukaona, mafuta amene galimoto yathu inamwa ulendo umodzi anaposa mtengo wa kachitsuloko. Palibe amene anaba tambala pa nkhani imeneyi, ndipo ine ndinali mmodzi mwa osaina. Zimandiwawa mpaka lero. Kuwononga kwa mtundu umenewu sikulowa mu lipoti la owerengera ndalama za boma chifukwa mapepala ake onse amakhala olongosoka.

Malamulo a makotesheni ndi masiginecha sanabwere popanda chifukwa. Mu 2013 tinaona Cashgate, mabiliyoni akutuluka m'boma kudzera mu IFMIS, makina a kompyuta oyendetsera ndalama za boma, kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, mpaka abwenzi akunja anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti. Ambiri a iwo anayamba kudutsitsa ndalama m'mapulojekiti awoawo, iliyonse ndi galimoto zake, mafomu ake, lipoti lake ndi maphunziro ake. Boma nalo linawonjezera maloko. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene anasolola anali pamwamba, koma maloko ambiri anagwera pansi, pa munthu wofuna kugula babu.

Apa ndi pamene pamalowera nkhani ya ma alawansi. Malipiro a m'boma ndi ochepa, ndiye maphunziro a ku loji anasanduka malipiro achiwiri. Sindikunena kuti kuphunzira n'koipa. Njira zochizira zimasintha ndipo wachipatala ayenera kuzidziwa. Koma pachipatala pamene pali anamwino awiri, mmodzi akachoka sabata yathunthu, wotsalayo amagwira usana ndi usiku. Ndipo anthu amayamba kukonza ntchito poyang'ana kumene kuli alawansi osati kumene kuli vuto. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaonetsa poyera mmene ndalama zina zinathera m'ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, pa nthawi imene anthu ankasowa mpweya m'zipatala. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anachotsa nduna imodzi, ndipo anapatsa wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, ntchito yotsogolera gulu lounika ma alawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontirakiti a ntchito. Lipoti linaperekedwa mu May chaka chomwecho, koma boma silinalitulutse kuti anthu aliwerenge. A Chilima omwewo ndi amene anatsogoleranso ntchito yokonza kayendetsedwe ka boma kuyambira 2014. Maganizo abwino akhala akulembedwa. Amakanika pofika pamene kusinthako kukufuna kuti wina atule mphamvu kapena ataye alawansi.

Ngakhale mphamvu ku anthu, imene tinaivomereza mu 1998 ndi lamulo la maboma aang'ono, inayenda theka la ulendo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, ndiye panalibe woimira mudzi wofunsa a bwanamkubwa za ndalama za chipatala. Lero ntchito zambiri zinatsikira ku khonsolo, koma zinaima pa boma. Sizinafike pachipatala cha kwanu. Chimene ndikuchiyembekezera kwambiri mu pulani ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ndi ganizo lotumiza ndalama mwachindunji kuzipatala zazing'ono, zomwe zinayesedwa kale ku Rumphi: kandalama kochepa m'akaunti ya chipatalacho, kosainidwa ndi wachipatala pamodzi ndi anthu a m'komiti ya m'mudzi, ndipo mmene kagwirira ntchito zizimatidwa pakhoma aliyense aone. Ena amaopa kuti kadzabedwa. Kena kadzabedwadi. Koma kuba K50,000 pamaso pa anthu amene mumapemphera nawo tchalitchi chimodzi n'kovuta kusiyana ndi kuba mabiliyoni pa kompyuta ku likulu.

Tsono zoti tizingolipira, ine sindigwirizana nazo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu amatero: mukulipira kale kufamase, mukusonkha kale mafuta, ndiye mukuti bola zikhale zodziwika. Koma taganizirani mayi wothyola tiyi amene ntchito yake imachepa mvula ikasiya, kapena mlimi wa nandolo amene amaona ndalama kamodzi pachaka. Pakhomo pa chipatala pakaikidwa mtengo, woyamba kutsala kunyumba ndi iyeyo, ndipo amadzabwera matenda atakula, pamene kuchiza kwake kwakwera mtengo. Tinaziona mbali inayo: kuyambira 2006 boma litayamba mgwirizano wolipirira amayi oyembekezera m'zipatala za mishoni za CHAM kuti asamapereke ndalama, amayi obwera kusikelo ndi kudzachirira kuchipatala anachuluka. Komanso ndalama yolipira pawindo ikalowa mumsewu womwe uja wa masiginecha, mudzalipira koma mankhwala osawapeza. Chipatala cha boma si chaulere kwenikweni. Mumachilipira pa msonkho nthawi iliyonse mukagula mayunitsi kapena kukwera minibasi.

Nanga inuyo mungachite chiyani sabata ino? Chipatala chilichonse chaching'ono chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, ena amati HAC, ena HCMC. Ntchito ina ya komitiyi ndi kukhalapo pamene galimoto ya mankhwala ikutsitsa katundu, kuwerenga nawo ndi kusaina. Funsani amfumu kuti mamembala ake ndani, mukakumane ndi wapampando, mumufunse mwaulemu funso limodzi lolunjika: kodi mankhwala a BP anaitanitsidwa miyezi itatu imeneyi, ndipo anabwera angati? Mosungira mankhwala mumakhala khadi la mtundu uliwonse wa mankhwala losonyeza zolowa ndi zotuluka. Ngati sanaitanitsidwe, vuto lili pomwepo ndipo likhoza kukonzeka mwezi womwewo. Ngati anaitanitsidwa koma sanabwere, nkhani ndi ya ku boma, ndipo wa famase wa kumeneko ali ndi mphamvu yosamutsa mankhwala kuchokera kuchipatala china chimene chili nawo ambiri. Ngati anabwera n'kutha pa masiku atatu, pamenepo pafunika kufufuza, ndipo komiti isaope kukanena.

Kuyambira 2018 zipatala zili ndi ofesi yolandira madandaulo, ya Hospital Ombudsman. Nkhani ya mafuta a mlamu wanu mukaitule kumeneko: tsiku, nthawi, ndalama zimene munasonkha, ndi ngati munapatsidwa lisiti. Sikuti mukukasumira dalaivala. Mwina iyeyo ndi amene anapulumutsa moyo usiku umenewo. Cholinga n'chakuti zilembedwe, chifukwa ku ofesi chinthu chosalembedwa chimakhala ngati sichinachitike. Muuzeninso khansala wa dera lanu, popeza khonsolo ili ndi komiti yoona za umoyo imene imayenera kufunsa za ORT. Ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limakulolani kulemba kalata yofunsa kuti khonsolo inalandira zingati za zaumoyo ndipo zinagwira ntchito yanji. Mukapita anthu asanu a m'mudzi umodzi, kapena kudzera ku VDC, amakumverani msanga kusiyana ndi kupita nokha. Pakakhalanso wina woyembekezera m'banjamo, funsiranitu ngati chipatala cha mishoni chapafupi, monga Mulanje Mission kapena Malamulo kwa a ku Thyolo, chikulandira amayi a dera lanu pa mgwirizano uja, ndipo masiku akayandikira akadikirire kuchipatala, makamaka nyengo ya mvula. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatikumbutsa mmene milatho ya kuphiri imadukira usiku umodzi.

Koma zonsezi zimatenga nthawi, ndipo BP sidikira. Matendawa sapweteka tsiku lililonse, n'chifukwa chake anthu amasiya mankhwala akamva bwino, kenaka sitiroko imabwera osagogoda. Amayi anu asadumphitse. Akapitanso, afunse adokotala ngati pali mtundu wina wa mankhwala a BP umene ulipo womwe angasinthire, chifukwa mitundu ilipo ingapo ndipo sikawirikawiri kuti yonse ithe nthawi imodzi. Koma asasinthe okha, kapena kubwereka a mnzawo. Ngati palibiretu, apemphe kalata yopita ku kiliniki ya matenda a BP ndi shuga pachipatala chachikulu cha pa boma, ndipo afunse ngati angapatsidwe a miyezi iwiri kapena itatu kuti asamawononge thiransipoti. Mukakakamizika kugula, gulani kufamase yovomerezeka, mutenge kabuku kawo kuti akupatseni dzina ndi mlingo womwe walembedwa, ndipo muone tsiku lothera mphamvu papaketi. Mchere achepetse m'ndiwo, ndipo BP aziyezetsa ngakhale tsiku limene mankhwala kulibe. Akadzangomva mutu waukulu wosazolowereka, dzanzi mbali imodzi ya thupi, kukamwa kupotoka kapena lilime kulemera, musadikire ambulansi kapena kuti kuche; pezani galimoto iliyonse muthamange nawo kuchipatala chachikulu.